Kope Lofiira

Ndinaligula kwa Che Twaibu, kuseri kwa depoti,
kope lofiira la masamba makumi anayi,
tsiku lomwe namwino wa pachipatala chachikulu
anandimanga mkono, n'kupopa, n'kuyang'ana kudenga.
"Mayi, mtima wanuwu ukusenza katundu wa anthu awiri.
Chilichonse cholowa m'kamwa, muzilemba."

Ndine kalaliki, kulemba sindikuopa.
Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndalemba za ena
m'maofesi akale a boma, m'tsinde mwa phiri,
momwe mafaelo amanunkha chinyezi.
Koma za m'mimba mwanga
cholembera chimachita nazo manyazi.

Lolemba: tiyi, masupuni atatu a shuga.
Ndinafufuta, n'kulemba awiri.
Ndinafufutanso. Atatu.
Mandasi awiri a pa Mpondabwino,
makalori mazana asanu, akutero mwana wanga Dziwenji,
akuwerenga pafoni ngati woweruza milandu.
Ine n'kumati, kodi kanthu kopepuka chonchi,
kodzaza mphepo m'kati,
manambala onsewa kamawabisa pati?

Lachitatu sindinakwere kabaza.
Ndinayenda wapansi kuchokera ku Matawale,
thukuta likulemba zake kumsana kwa bulauzi.
Pofika pachiwaya cha anyamata aja
mafuta anandiitana ndi dzina langa la paubwana.
Tsamba la Lachitatu lili ndi dontho lowala pakona.
Ine sindinalembepo kanthu.
Dontholo linalemba lokha.

Loweruka kunali maliro ku Chinamwali.
Ndani angatulutse kope pasiwa?
Ndani angafunse amayi ophika
kuti nyembazi mwathiramo mafuta ochuluka bwanji?
Ndinadya, ndinalira, ndinadyanso.
Usiku ndinangolemba kuti: Nasiyani wapita.

Pakhomo la msika pali mnyamata
wa sikelo ya galasi long'aluka,
handiredi kwacha kukwerapo.
Amandidziwa tsopano.
Ndimavula nsapato, ndimamugwiritsa chikwama,
ndimatulutsa mpweya wonse ngati nawonso umalemera.
Iye amawerama, n'kuwerenga motsitsa mawu
kuti ogulitsa matemba asamve.
Sabata yatha anati, "Yatsika ndi imodzi ndi theka, mami,"
ndipo ndinamusiyira faifi handiredi, osafunsa chenji.

Koma anthu!
Mnzanga wa kukwaya wandikokera pambali:
"Asisi, mukudwala? Musabise, mankhwala alipo masiku ano."
Apongozi atumiza nkhuku yamoyo
ndi funso lakuti mwana wawo akundisunga bwanji.
Thupi lomwe ankaliombera m'manja kuti ndiwo mtendere
ndi lomwe likundipha mwaulemu.

Nthawi zina ndikamawonkhetsa usiku,
magetsi atazima, kandulo ili pambale,
ndimakumbukira chaka chija cha njala,
ndili mtsikana kwathu ku Jali,
amayi akuwerenga nawonso:
zikho za gaga, masiku otsala, pakamwa pathu.
Analibe kope.
Ankawerengera kuti tifike mawa.
Inenso ndikuwerengera zomwezo,
kungoti masamu anatembenuka.
Akanaona tsamba ili akanaseka mpaka kutsokomola,
kapena akanandimenya nalo.

Lero ndinakwera msewu wa Ku Chawe
mpaka pomwe mawondo anayamba kunditukwana.
Kamtsikana kanandigulitsa masitiroberi m'kadengu,
ofiira ngati chikuto cha kopeli.
Ndinakhala pamwala, tauni yonse ili pansipo
ngati mpunga wotayikira pamkeka.
Ndinkaona denga la chipatala,
ndinkaona utsi wa chiwaya chija, kapena wa china.
Ndinadya limodzilimodzi, osawerenga.
Kenaka chizolowezi chinandigwira dzanja:
ndinatsegula, ndinalemba tsiku,
pamalo pa nambala n'kulembapo kuti, okoma.

Kwatsala masamba asanu ndi anayi.
Che Twaibu akuti makope akwera mtengo.
Ndawauza andisungireko limodzi.